Malamulo a Gulu ndi Chilungamo Chake: Mafunso a Anthu a ku Utale

Munthu wokhala ku Utale, m'dziko la Mfumu Nkaya m'boma la Balaka, kumene mtsinje wa Rivirivi utsikira kukathira mu Shire, angathe kutha chaka chathunthu osalankhulana ndi wapolisi kapena kuponda pakhomo la khoti. Koma sangathe kutha ngakhale sabata limodzi osakhudzidwa ndi malamulo amene anansi ake adapangana, kaya ndi a komiti ya pamjigo imene itolera ndalama ya mwezi, kaya ndi a banki mkhonde, kaya ndi a gulu la alimi othirira m'mphepete mwa mtsinje, kaya ndi lamulo la mudzi lomangirira mbuzi kufikira nandolo atakololedwa. M'mizinda ya maiko ena, makamaka ku South Africa ndi ku America, anthu ogula nyumba m'mpanda umodzi ali ndi mabungwe a eni nyumba, amene alamula za utoto wa khoma, za agalu, za liwiro la galimoto ndi za ndalama yokonzera misewu. Chuma cha anthu amenewo ndi chathu chisiyana kutali, koma funso limene liwasautsa ndi lomwe litisautsa ife: kodi lamulo lopangidwa ndi anzako likumanga kufikira pati, ndipo likakhala lopanda chilungamo ukadandaule kwa yani?

Kodi lamulo limene anthu wamba apangana pansi pa mtengo lili ndi mphamvu yanji, popeza silidadutse ku Nyumba ya Malamulo?

Mphamvu yake ichokera m'pangano. Pamene anthu makumi awiri akhala pansi nagwirizana kuti aliyense aziponya masheya tsiku lakuti, kuti wobwereka azibweza ndi chiwongoladzanja chakuti, ndi kuti wochedwa kumsonkhano azilipira chindapusa, aliyense wa iwo walonjeza kanthu kwa anzake, nalandiranso lonjezo kwa iwo. Ndipo malonjezo osinthana chotero, ochitidwa ndi anthu aakulu a nzeru zawo amene atsimikiza mtima kuti mawu awo awamange, ndiwo amene khoti liwatcha pangano. Malamulo a mapangano amene makhoti a m'Malawi atsata adabwera ndi Angerezi: lamulo la Mfumu ya ku Britain la 1902 lidalowetsa m'dziko muno malamulo amene adali kugwira ntchito ku England pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, ndipo zigamulo za oweruza a kumeneko, ngakhale za pambuyo pake, oweruza athu aziwerengabe ngati uphungu wolemera. Mwa malamulo amenewo, pangano la mtundu uwu silisowa loya kapena chidindo cha boma, ndipo ngakhale la pakamwa limanga, kungoti kulitsimikiza pamaso pa woweruza kuvuta.

Pali malire amodzi oyenera kuwagwiritsa kuyambira pachiyambi: pangano limanga okhawo amene adalowamo. Gawo 32 la Malamulo Aakulu a dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, lipatsa munthu aliyense ufulu wokhazikitsa gulu ndi kulowamo, ndipo liletsa kukakamiza munthu kukhala membala. Khonsolo ya boma la Balaka, limene lidapatulidwa ku Machinga mu 1998, ingathe kuika malamulo omanga aliyense wokhala m'bomalo, pakuti idapatsidwa mphamvu imeneyo ndi lamulo la maboma aang'ono la chaka chomwecho. Komiti ya gulu ilibe mphamvu yotero pa munthu wakunja. Koma iye amene adalowa mwa kufuna kwake, nadya zokoma za gululo, asadabwe pamene lamulo limgwira, pakuti walira mvula walira matope.

Nanga ine amene ndidangodinda chala papepala, osadziwa kuwerenga, malamulowo andimanga?

Chiphunzitso cha Angerezi pa nkhani iyi ndi chouma. Mu 1934 khoti la ku England lidaweruza mlandu wa mayi wina wa malo odyera m'tauni ya Llandudno ku Wales, amene adagula makina ogulitsira ndudu nasaina pepala osaliwerenga. Makinawo atakana kugwira ntchito, oweruza adati siginecha yake yammanga ku mawu onse a papepalapo, ngakhale aja olembedwa m'malemba aang'ono, popeza panalibe chinyengo. Makolo athu adanena zomwezo mwachidule, kuti safunsa adadya phula.

Komatu chiphunzitso chimenechi chidapangidwira anthu odziwa kuwerenga chiyankhulo cha papepalapo, ndipo oweruza adazindikira kale kuti kuchigwiritsa ntchito mwakhungu pa anthu a mu Africa kukadakhala kuwapereka m'manja mwa ochenjera. Mu 1914 khoti la Privy Council ku London, poweruza mlandu wochokera ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, lidati munthu wosadziwa kuwerenga akaika chizindikiro chake pa kalata ya Chingerezi, sitingangoganiza kuti adamva za m'katimo. Iye amene afuna kummanga ndi kalatayo ndiye ayenera kuonetsa kuti idawerengedwa ndi kumasuliridwa bwino, ndi kuti wodindayo adaimvetsa. Chifukwa chake gulu lililonse la ku Utale, kumene ena ayankhula Chichewa ndi ena Chiyao, lichita mwanzeru likalemba malamulo ake m'chiyankhulo cha eni ake, nawawerenga mokweza kwa aliyense wolowa kumene, pamaso pa mboni, mlembi nalemba tsiku m'kaundula. Malamulo okopedwa ku pepala la Chingerezi limene alangizi adasiya, amene wapampando yekha ndiye adziwa tanthauzo lake, ali ndi mphamvu yochepa kuposa mmene komiti iganizira.

Ngati tidavomera tokha, ndipo tidamva, kodi khoti lingathenso kunena kuti lamulolo n'lopanda chilungamo?

Apa tiyenera kudekha, pakuti yankho lili ndi mbali ziwiri. Kawirikawiri khoti siliyesa ngati malonda adakukomera kapena adakuwawa; munthu wamkulu ali ndi ufulu wopangana ngakhale pangano lomuonda, ndipo woweruza sakhalira kulembera anthu mapangano atsopano. Koma pali zitseko zingapo zimene khoti lilowera: ngati munthu adavomera poopsezedwa, ngati adanamizidwa, ngati wamphamvu adadyera masuku pamutu munthu wosowa pogwira kapena womdalira, ndiponso ngati lamulolo litsutsana ndi malamulo a dziko. Gawo 5 la Malamulo Aakulu liti chilichonse chotsutsana nawo chilibe mphamvu, ndipo gawo 15 liti ufulu wachibadwidwe uyenera kulemekezedwa si ndi boma lokha, komanso ndi anthu ndi mabungwe pamene uwakhudza.

Dziko lathu lili ndi chitsanzo chake, chakale ndi chowawa. Kuyambira 1892 Harry Johnston adapatsa Azungu makalata otsimikiza umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo ambiri a makalatawo adali ndi mawu oteteza midzi ndi minda imene idalipo kale kuti isasokonezedwe. Eni minda, pofuna antchito m'nyengo ya dzinja, pamene munthu aliyense afunika kumunda kwake, adayamba kupangana ndi mafumu kuti anthu awo azigwira ntchito pamunda wa Mzungu m'malo mwa lendi, ndiyo thangata. Mu 1903, zaka zisanu ansembe a Montfort asadatsegule mishoni ya Utale, woweruza Nunan wa khoti lalikulu ku Blantyre adamva mlandu wa pangano lotero, limene kampani ya Blantyre and East Africa idachita ndi mafumu. Ndipo ngakhale zizindikiro za mafumuwo zidali papepala, iye adalikana, popeza adaliona kuti lidapendekera mbali imodzi mopitirira muyeso, ndi kuti lidalanda anthu ufulu umene adali nawo kale popanda kuwapatsa kanthu koyenera. Tiphunzirapo kuti chizindikiro cha mtsogoleri sichigulitsa ufulu wa anthu ake, ndi kuti kuvomera kwa munthu amene alibe kwina kopita n'kuvomera kopepuka pamaso pa chilungamo. Tiphunzirapo china chomvetsa chisoni: chigamulo chabwinocho sichidatsatidwe, thangata idapitirira, idakhala chimodzi mwa zodandaula za John Chilembwe mu 1915, ndipo idathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Anthu amene ayembekezera khoti lokha kuwaongolera malamulo a gulu lawo angathe kudikira nthawi yaitali. Kuongola kwenikweni kuchitika pamsonkhano, tsiku lopangana.

Kodi mabungwe a eni nyumba a kunja kuja makhoti awaweruza bwanji?

Ana athu ambiri a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi amene ali ku Joni agwira ntchito m'mipanda yotero, ena m'maluwa, ena m'nyumba, kotero nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Pafupi ndi Durban pali mudzi wa mpanda wa anthu olemera wotchedwa Mount Edgecombe, umene bungwe lake lidalamula kuti galimoto isapitirire makilomita 40 pa ola m'misewu ya m'katimo, nilipiritsa mwini nyumba wina chifukwa mwana wake adathamangitsa galimoto. Mwini nyumbayo adapita kukhoti, nati bungwe ladzisandutsa boma. Mu 2019 khoti lalikulu la apilo la South Africa lidagamula kuti lamulo la liwirolo n'lomanga, pakuti misewuyo ndi ya eni mudziwo, ndipo munthuyo pogula nyumba adalowa m'pangano mwa kufuna kwake. Koma pa mlandu womwewo, mu 2017, khoti lalikulu la KwaZulu-Natal lidali litakana kale malamulo ena a bungwelo, amene adaletsa antchito a m'nyumba kuyenda pansi momasuka m'misewu ya m'mudzimo. Ku America nakonso, mu 1948, khoti lalikulu koposa lidagamula kuti makhoti sangakakamize pangano la eni nyumba loletsa kugulitsa nyumba kwa anthu akuda.

Muyeso wake uoneka poyera. Lamulo loteteza moyo wa ana osewera mumsewu, logwira aliyense mofanana, khoti lilichirikiza ngakhale liwawe. Lamulo lochepetsa munthu chifukwa cha khungu lake, umphawi wake kapena ntchito yake, khoti lilikana ngakhale eni ake onse adasaina. Kwathu kuno gawo 20 liletsa tsankho la mtundu, chipembedzo, chiyankhulo, kulumala kapena kukhala mwamuna kapena mkazi, ndipo gawo 24 lipatsa amayi ufulu wochita mapangano ndi kukhala ndi chuma mwa iwo okha. Komiti ya pamjigo imene ingaletse banja kutunga madzi chifukwa cha chipembedzo chawo kapena matenda a m'nyumba mwawo, kapena sikimu ya ulimi wothirira imene ingakane kulemba dzina la mayi wamasiye pa puloti, yachoka m'malire a pangano.

Komiti yathu idasintha lamulo pakati pa chaka, ife osadziwa. Kodi n'zololeka?

Komiti ndi antchito a pangano, ndipo mphamvu imene pangano silidawapatse alibe. Mu 1903 khoti la ku England lidaletsa kalabu ina ya ku London kuchotsa membala amene adakana kulipira ndalama yokwezedwa, chifukwa malamulo a kalabuyo adalibe mawu olola kuti asinthidwe, ngakhale ambiri adafuna. Ngati malamulo a gulu lanu anena njira yosinthira, monga kuitana msonkhano wa onse ndi kuwerenga manja, njira imeneyo itsatidwe yonse, ndipo ogonja pa chisankho amangidwa ndi zimene ambiri asankha. Ngati sanena kanthu, kusintha kufuna kuvomera kwa onse. Ndipo lamulo latsopano liyang'ane kutsogolo: munthu salipiritsidwa lero chifukwa cha chinthu chimene dzulo sichidali mlandu.

Nanga chindapusa ndi chiwongoladzanja zili ndi malire?

Zili nawo. Mu 1914 oweruza a House of Lords, pa mlandu wa kampani ya matayala ya Dunlop, adasiyanitsa ndalama ziwiri: ina ndi imene opangana aiyerekeza moona mtima kuti ikwanira kubweza chimene chingaonongeke pangano likasweka, ndipo imeneyo khoti liilola, ina ndi yoopsezera chabe, yokula kopanda muyeso poyerekeza ndi chotayika chilichonse chimene chingachitike, ndipo imeneyo khoti silikakamiza munthu kuilipira. Tiyese ndi nkhani ya mbuzi, imene idanitsa anthu chaka ndi chaka m'dziko louma ngati lathu, kumene thonje ndi nandolo zikhala m'munda chimanga chitakololedwa kale. Mbuzi ikadya mizere iwiri ya nandolo, mwini wake abweze mtengo wa nandoloyo, ndi kanthu kena ka vuto limene wadzetsa. Koma lamulo lakuti mbuziyo iphedwe kapena ikhale ya mwini munda, mosayang'ana kukula kwa chimene yaononga, lapitirira kubweza, lasanduka kulanda.

Za chiwongoladzanja, Malawi ali ndi lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, limene lipatsa khoti mphamvu yotsegulanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chopitirira ndipo panganolo n'lankhanza, ndi kuchotsera wobwereka chimene chapyola muyeso. Banki mkhonde isiyana ndi katapila pakuti phindu libwerera kwa mamembala tsiku logawana, ndipo woweruza angaganizire zimenezo. Koma gulu limene likakamiza membala kubwereka ndalama imene saifuna, kuti bokosi likule, kenaka nkumuunjikira chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja kufikira ngongole itaposa katundu wake yense, lisadzinamize kuti dzina la gulu lilitchinjiriza.

Mnzathu walephera kubweza. Kodi tingapite kwake kukasasula malata kapena kutenga ziwiya?

Iyayi, ndipo apa ndi pamene magulu ambiri okhala ndi mlandu wabwino adzipalira mlandu woipa. Ngongoleyo ndi yoona, ndipo iyenera kubwezedwa, pakuti ndalama za m'bokosi ndi thukuta la amayi ena amene nawonso ali ndi ana. Koma gawo 21 liteteza nyumba ya munthu kuti isalowedwe ndi katundu wake kuti asalandidwe, ndipo gawo 28 liletsa kulanda chuma cha munthu mwachisawawa. Njira ya lamulo ndi kukasuma kwa majisitireti, ndipo khoti likagamula, wobwerekayo nakanabe, a sherifu ndiwo atumidwa ndi kalata ya khoti kukagwira katundu. Chosiyana ndi chikole chimene mwini wake adachitchula poyamba nachipereka ndi manja ake; ngakhale pamenepo, chikagulitsidwa, chigulitsidwe poyera pa mtengo woyenera, ndipo ndalama yotsala pamwamba pa ngongole ibwerere kwa mwini wake.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa makhoti a Angerezi. Chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo mutu 24, chidaletsa wokongoza kulowa m'nyumba ya mnzake kukadzitengera chikole, chidaletsa kutenga mphero imene banja liperera chakudya, ndipo chidalamula kuti chofunda cha wosauka chibwezedwe dzuwa lisadalowe. Denga la nyumba m'mwezi wa Januwale lili m'gulu lomwelo. Ndipo kumuimbira munthu nyimbo zachipongwe pakhomo pake, kapena kumkhalira pabwalo usiku wonse pamaso pa ana ake, kuphwanya ulemu umene gawo 19 liti sungachotsedwe kwa munthu. Tamva m'dziko muno za anthu othawa midzi yawo, ena ofika podzichotsera moyo, chifukwa cha manyazi a ngongole za m'magulu, ndipo palibe bokosi la ndalama limene lingalipire zimenezo.

Kodi komiti ingachotse munthu m'gulu osamumva?

Makhoti salowerera msanga m'nkhani za m'kati mwa magulu, koma pa kuchotsa munthu afunsa mafunso atatu: ngati malamulo a gululo adapereka mphamvu yochotsa, ngati njira yake idatsatidwa, ndi ngati zidachitika moona mtima, munthuyo atauzidwa mlandu wake napatsidwa mpata woyankha. Mu 1723 khoti la ku England lidabwezera Richard Bentley madigiri ake amene yunivesite ya Cambridge idamlanda osamumva, ndipo mmodzi wa oweruzawo adakumbutsa kuti ngakhale Mulungu, amene adziwa zonse, adayamba waitana Adamu ndi kumfunsa asadamtulutse m'munda. Pabwalo la nyakwawa makolo athu adachita chimodzimodzi, pakuti mlandu sudagamulidwe mbali imodzi isadayankhule. Gawo 43, limene lilamula akuluakulu a boma kuchita zinthu mwa njira yoyenera ndi kupereka zifukwa polemba, lidalembedwera maofesi. Koma komiti yanzeru itengerapo chitsanzo.

Pali chinanso chimene chiononga magulu kuposa malamulo oipa, ndicho malamulo abwino ogwira anthu ena okha. Wodandaula asakhale woweruza pa mlandu wake. Ngati madzi adapatutsidwa usiku kupita ku puloti ya mlamu wa wapampando, wapampandoyo atsike pampando tsiku limenelo. Tidziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo m'mudzi mmene aliyense ndi mbale wa wina kulanga munthu wa m'banja la mfumu kapena la msungichuma kufuna mtima wolimba. Koma tsiku limene chindapusa chikhululukidwa kwa wamkulu, nichikakamizidwa kwa mkamwini wobwera, lamulolo lafa m'mitima ya anthu, ngakhale likhalebe m'kaundula. Ine ndiyesa kuti muyeso woposa yonse wa lamulo la gulu ndi uwu: kodi amene alipanga angavomere kuti liwagwire iwo eni mawa, pa mtengo womwewo ndi mwa njira yomweyo?

Nanga sikimu ingandilande puloti imene ili pa malo a makolo anga? Ndipo mwana wolowa m'malo mwanga amangidwa ndi malamulo amene sadasaine?

Tisiyanitse madzi ndi nthaka. Ngalande, pampu ndi ndondomeko ya kuthirira ndi za gulu, ndipo amene akana kulipira kapena kukonza ngalande angathe kuimitsidwa madzi monga mwa pangano, atamvedwa. Nthaka ili ndi lamulo lake. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 nilikonzedwanso mu 2022, lidaika makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi amayi pakati pa mamembala osankhidwa, ndiponso mabwalo a milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kukwera ku boma. Ngati malo a sikimu adaperekedwa ku gulu mwa pangano lomveka ndi eni ake ndi mafumu, gululo nkugawa mapuloti, lingathe kuchotsa puloti kwa wophwanya malamulo. Koma ngati munthu alima pamene adalima amayi ake ndi agogo ake, ndipo sikimu idampeza pomwepo, komiti ya madzi ilibe mphamvu yothetsa umwini umenewo. Chifukwa chake pangano la malo lilembedwe ngalande isadakumbidwe, pakuti nthaka ikaona madzi mtengo wake ukwera, ndipo zimene anthu akumbukira za mawu a tsiku loyamba ziyamba kusiyana.

Za wolowa m'malo, khoti la ku England lidagamula mu 1848, pa nkhani ya bwalo la Leicester Square mu London, kuti wogula malo akudziwa kuti pali pangano loletsa kumangapo amangidwa nalo, ngakhale sadapangane ndi mwini woyamba. Pa maziko amenewo ndi pamene mabungwe a eni nyumba aima. Mwana wolandira puloti ya sikimu, akudziwa malamulo ake, natunga madzi ake, wawavomera ndi ntchito zake. Komabe n'kwabwino kumuwerengera ndi kumlemba mwatsopano.

Chaka cha chilala kapena cha madzi osefukira, pamene munthu alibe pogwira, pangano likhalabe?

Lamulo limasula anthu ku pangano pokhapo chinthu chimene panganolo lidaimapo chaonongeka popanda wolakwa, monga mu 1863 pamene khoti la ku England lidamasula eni holo ya nyimbo imene idapsa tsiku la zoimbaimba lisadafike. Pampu ya sikimu ikakokoloka ndi Rivirivi, mlimi sangalipiritsidwe madzi amene sadalandire. Koma ngongole ya ndalama siifa chifukwa wobwereka wasauka. Lamulo pamenepa n'louma, ndipo chifundo chiyenera kuchokera m'pangano lenilenilo. Taona namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Munthu wa ku Utale sangati zaka zotere n'zodzidzimutsa. Nkhanga zidapangana kusanapse. Gulu lilembe nthawi ya mtendere chimene lidzachita nthawi ya tsoka: miyezi ingati yopumira, kuimitsa chiwongoladzanja pa maliro ndi pa matenda aakulu, ndi kathumba ka padera kothandizira ogwa m'mavuto. Zikalembedwa chotero, wothandizidwa alandira chimene chili chake mwa pangano, osagwada pamaso pa komiti, ndipo komiti siinenedwa kuti yakondera.

Tsono munthu woona kuti walakwiridwa ayambire kuti?

Ayambe ndi kupempha kuti malamulo a gulu awerengedwe pamsonkhano wa onse, ndi kuti dandaulo lake lilembedwe m'kaundula pamodzi ndi yankho la komiti. Milandu yambiri ithera pomwepo, pamene zipezeka kuti lamulo lonenedwalo mulibe m'buku. Zikakanika, apite kwa nyakwawa, kenaka kwa agulupu ndi kwa mfumu yaikulu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo anthu amene adzatungabe pa mjigo umodzi afunika kuyanjanitsidwa koposa kugonjetsana. Koma adziwe kuti bwalo la mfumu liyanjanitsa, silitsekera munthu njira ya kukhoti, imene gawo 41 lipatsa aliyense. Nkhani ya sikimu ifike kwa alangizi a ulimi wothirira ku khonsolo. Ya kopaletivi yolembetsedwa pansi pa lamulo la 1998 ipite kwa mkulu wolembetsa makopaletivi. Ya nthaka itsate mabwalo a malo. Ndipo pamene pali kuopseza, kumenya kapena kulanda katundu, imeneyo ndi ya apolisi. Mlandu wa ndalama upita kwa majisitireti ku Balaka, ndipo wosowa ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osauka.

Gulu lolembetsedwa ku boma, monga pansi pa lamulo la matrasti la 1962, lisuma ndi kusumiridwa m'dzina lake. Gulu losalembetsedwa liimiridwa ndi mamembala ake otchulidwa maina, ndipo n'chifukwa chake buku la msungichuma, malisiti ndi mboni zili zofunika. Pomaliza, ngakhale pabwalo la mfumu tinena kuti mlandu suwola, kukhoti mlandu wa pangano uli ndi nthawi yake: zikapita zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera tsiku limene pangano lidasweka, khoti lingakane kuumva.